Ma enzaimu a MMP ndi endometriosis: yankho kwa achemwali a ku Santhe

Funso labwera kuchokera kwa mayi wina wa ku Santhe kuno ku Kasungu, ndangolifupikitsa pang'ono. Akuti: "Adokotala, ndili ndi zaka 28. Cham'mimba chinandiyamba ndili Fomu 2 ndipo chimangokulirakulira, ndikakhala kumwezi masiku awiri oyamba ndimachita kukwawa, olo kupita kuchimbudzi kumapweteka. Pabanja ndatha zaka zitatu mwana palibe. Ku Lilongwe anandijambula nkupeza chotupa pa thumba la mazira, akuti ndi endometriosis. Ndawerenga pafoni kuti pali ma enzaimu otchedwa MMP omwe amayambitsa matendawa, komanso kuti doxycycline amawaletsa. Zimenezi zinalowa bwanji mthupi mwanga? Ndikagule doxycycline ndizimwa?"

Achemwali, pepani kaye ndi ululuwo. Kuchokera Fomu 2 mpaka pano ndi zaka zambiri zovutika, ndipo ndikudziwa kuti mnjiramo mwamvamo zambiri, ena kukuuzani kuti ndi mmene akazi analengedwera, ena kuti mukabereka zidzatha, ena mwina mpaka kuloza chala munthu pamudzi. Ndiyankhe kaye mwachidule kenako tikhale pansi. Endometriosis ndi matenda omwe khungu longa la mkati mwa chiberekero limakamera kunja kwa chiberekero. Ma enzaimu amenewa, tinthu tomwe thupi limapanga lokha kuti tizigwira ntchito zake, sanalowe kuchokera kunja ai, munabadwa nawo, ine ndili nawo, amuna anu ali nawo, ndipo popanda iwo simukanasamba olo kamodzi. Doxycycline, yemwe ndi antibayotiki, mankhwala olimbana ndi tizilombo, musagule. Chifukwa chake muchimva tikamafika kumapeto, koma kuti chimveke mpofunika mumve kaye ntchito yomwe tinthu timeneti timagwira.

Inu wa ku Kasungu chigafa mumachidziwa. Mizati, mapaso, udzu pamwamba, zonsezo zimaima chifukwa cha luzi lomwe lamanga, mukadula luzi basi chigafa chaphwasuka olo mitengo yake ikhale yolimba bwanji. Thupi nalonso lili choncho. Maselo sakhala mmalere, amakhala atamangiriridwa pa ulusi wa mapuloteni, waukulu mwa iwo ndi collagen, ndipo ulusi wonsewo pamodzi asayansi amautcha extracellular matrix. Ndiye MMP ndi chidule cha matrix metalloproteinase, kutanthauza kampeni kodulira luzi limeneli. Mawu oti metallo alipo chifukwa pakamwa pa mpeniwo pamakhala kachitsulo, zinc, yemwe uja timapatsa ana otsegula mmimba limodzi ndi Thanzi. Mwa munthu alipo mitundu 23, aliyense ali ndi nambala yake ndi ulusi womwe amaudziwa kudula.

Nkhani ya mmene anawatulukira imandisangalatsa mpaka lero. Mbululu ikamasanduka chule mchira uja umapita kuti? Suduka nkugwera mmadzi, thupi limausungunula lokha pang'onopang'ono. Mu 1962 ofufuza awiri, Jerome Gross ndi Charles Lapiere, ku Boston, anatenga tizidutswa ta mchira wa mbululu nkutiika pa collagen, nkuona collagen yozungulira tizidutswato ikusungunuka. Imeneyo ndiyo inali MMP yoyamba kudziwika. Ndiye kuyambira pachiyambi pomwe zinaoneka kuti amenewa ndi aganyu osasula, thupi limawaitana pamene likufuna kugwetsa chinthu chakale kuti limange china.

Tsopano chiberekero. Mkati mwake muli khungu lofewa lomwe ife timati endometrium. Msambo ukangotha homoni ya estrogen imayamba kulimanga, limakhuthala tsiku ndi tsiku, kenako dzira likatuluka, chapakati pa mwezi, homoni ina ya progesterone imakwera nkutenga ulamuliro. Progesterone ndi bwana wa pamalopo, amauza aganyu aja kuti mipeni ikhale pansi, pano tikudikira mlendo. Mimba ikapanda kubwera, pakatha pafupifupi masabata awiri progesterone amatsika, ndipo akangotsika ma MMP amadzuka, makamaka MMP-1, MMP-3 ndi MMP-9, nkuyamba kudula luzi la khungu lapamwamba lija mpaka lisasuke lituluke pamodzi ndi magazi. Kusamba nkumeneko. Gawo lapansi limatsala ndipo limaphukanso, bala lonselo kupola opanda chipsera, mwezi ndi mwezi kwa zaka makumi atatu ndi kuposa. Ine ndimachita nacho chidwi chiwalo chimenechi.

Mipeni yotere siingasiyidwe chisawawa, ndiye thupi linaika maloko angapo. Choyamba ma MMP amapangidwa ali otsekeka ngati mpeni uli mchimake, pamafunika china chowatsegula. Chachiwiri pali akapitawo awo otchedwa TIMP, alipo mitundu inayi, ntchito yawo nkugwira MMP dzanja, mmodzi kwa mmodzi, ntchito ikakwana. Chachitatu ndi progesterone uja. Zitatuzi zikamagwirizana aganyu amasasula pomwe auzidwa, nthawi yomwe auzidwa, nkuweruka. Ndi omwewanso amaboola thumba la mazira kuti dzira lituluke, amathandiza mimba kukhazikika mkhoma la chiberekero, amafewetsa khomo la chiberekero pobereka, ndipo mukadzitema ndi khasu kumunda amagwira nawo ntchito yopoletsa balalo.

Nanga endometriosis ikubwera pati? Dokotala wina wa ku America, John Sampson, mu 1927 anafotokoza kuti pa nthawi yosamba magazi ena satsika onse, ena amabwerera mmbuyo kudzera mmachubu nkukagwera mmimba, atanyamula tizidutswa tamoyo ta khungu lija. Pali njira zina zomwe matendawa angayambire koma imeneyi ndiyo imafotokoza odwala ambiri. Chodabwitsa nchoti kubwerera kwa magaziku kumachitika mwa akazi pafupifupi 9 mwa 10 alionse, koma amene amadwala ndi mmodzi mwa khumi, a World Health Organization amati ndi amayi ndi atsikana pafupifupi 190 miliyoni padziko lonse. Mwa ambiriwo asilikali a mthupi amangosesa tizidutswato nkutha. Ndiye funso lenileni ndi loti chifukwa chiyani mwa inu tinagwira nkumera, ndipo apa mpomwe ma MMP akulowa mnkhani.

Ngati munaonapo mbuzi ikutumbulidwa mukukumbuka kansalu konyezimira, koterera, komwe kamakuta matumbo ndi khoma la mimba mkati. Anthufe tili nakonso, dzina lake peritoneum. Nkopyapyala koma pansi pake pali mphasa yolukidwa ndi collagen wamtundu wachinayi, ndipo kachidutswa koyandama sikangakhazikike pokhapokha kataboola mphasa imeneyo. Tsono kumbukirani kuti tizidutswa tija tachoka mchiberekero pa nthawi yomwe aganyu ali pakalikiliki, mipeni ili mmanja. Tikamata pa kansalu kaja, MMP-2 ndi MMP-9, omwe luso lawo ndi collagen wachinayi yemweyo, amadula kabowo, MMP-3 ndi MMP-7 amathandiza kukuza njira komanso kudzutsa anzawo ena omwe anali mchimake, ndipo maselo a endometrium amalowa pansi nkuzika mizu. Alimi a chimanga ku Santhe amamudziwa kaufiti, mmene kambewu kake kamafikira muzu wa chimanga nkuuboola nkuyamba kuyamwa madzi ndi chakudya pansi panthaka, mlimi asanaone kanthu pamwamba. Zimafanana kwambiri, kusiyana kwake nkoti kaufiti ndi mlendo pomwe izi ndi mnofu wanu womwe wakakhala malo olakwika. Ndipo dzina la udzuwo lisakupatseni maganizo, pamenepa palibe dzanja la munthu.

Kuzika mizu pakokha sikokwanira, kachidutswako kamafuna magazi apo ayi kafa mmasiku ochepa. Mu ulusi uja thupi limasungamo michere ina yomangirira, umodzi mwa iyo ndi VEGF, womwe umaitana mitsempha ya magazi yatsopano. Ma MMP akamadula ulusi amamasula michere imeneyi, nkulambulanso njira yoti timitsempha tatsopanoto tidutsemo. Kumbuyo kwa mitsempha ya magazi kumatsatira timitsempha tomva ululu, ndiye nchifukwa chake kadontho kakang'ono ngati njere ya mapira kamatha kumugoneka munthu wamkulu pansi.

Mungafunse kuti tikudziwa bwanji kuti ndi amenewa. Mu 1997 gulu la ofufuza ku Vanderbilt University ku America linatenga endometrium ya munthu nkuibaya mmimba mwa mbewa zomwe zilibe chitetezo chokwanira chokana mnofu wachilendo. Tizidutswa tomwe tinali tapatsidwa estrogen tinkatulutsa ma MMP ndipo tinamera. Tomwe anayamba atiika mu progesterone, kapena anatiphatikiza ndi TIMP-1, tinalephera kumera. Kungogwira aganyu dzanja, matenda osayamba.

Kafukufuku wotsatira anaonetsa chinthu chomwe kwa ine ndiye mtima wa nkhani yonseyi. Mwa amayi omwe ali ndi endometriosis, khungu la chiberekero silimumvera bwino progesterone. Bwana amalankhula koma aganyu amamva mwa apo ndi apo, moti MMP-3 ndi MMP-7 amapezeka akugwirabe ntchito mmasiku omwe amayenera kukhala chete, ndipo akapitawo a TIMP amachepekedwa. Ku tizidutswa tomwe tamera kunja kuja ndiye zimanyanya. Mwezi uliwonse timatupa nkuchucha magazi ngati mmene chiberekero chikuchitira, koma magaziwo alibe khomo lotulukira, asilikali a mthupi otchedwa macrophage amathamangira pamalopo kuti akayeretse ndipo pofika amatulutsa michere yotupitsa, IL-1 ndi TNF, yomwe imauza maselo kuti onjezerani ma MMP, komanso pamachuluka prostaglandin, mwini wake wa kupotokola kuja, yemwe amadzutsa enzaimu ina ya aromatase yopanga estrogen pomwepo pachotupapo, ndipo estrogen ameneyo amakulitsa chotupa nkuonjezeranso prostaglandin, basi zimangozungulira choncho ngati ng'ombe yomangidwa pachikhomo. Chibadwa chilinso ndi gawo lake, mayi kapena mchemwali wanu akakhala nayo mpata woti inunso mukhale nayo umakwera kangapo, ndiye sindikuti ma MMP ndi okhawo olakwa, koma ndi manja omwe amagwira ntchito yoboolayo.

Ndikuuzeni zomwe ndinaona ndi maso mu thiyeta tsiku lina. Tinatsegula mayi wina yemwe tonse tinkaganiza kuti ali ndi chotupa wamba. Thumba la mazira lakumanzere linali lotupa ngati lalanje, litamatirira kumbuyo kwa chiberekero, ndipo titangoligwira kuti tilimasule linaphulika nkutulutsa zinthu zabulauni zokhuthala ngati chokoleti chosungunuka, magazi akale a miyezi yambirimbiri. Pa kansalu konyezimira kaja panali timadontho takuda ngati pomwe pathethekera moto pa chitenje. Pakati pa chiberekero ndi thumbo lotulutsira chimbudzi, pomwe payenera kukhala mpata woti zala zilowe, panali pogwirana gwaa, mwina ulusi wopyapyala ngati wa kangaude mwina mnofu wolimba woti kuudula kwake mpaka sizasi. Buku lake la kuchipatala linali lodzaza, tsamba ndi tsamba mankhwala a matenda opatsirana pogonana, kwa zaka.

Kugwirana kumeneko ndi mbali yachiwiri ya nkhani ya ma enzaimu. Malo omwe akudulidwa nkupola, kudulidwa nkupola, mwezi ndi mwezi, kunja kwa chiberekero sadziwa kupola mwaukhondo muja, amapola ndi chipsera. Collagen watsopano amaunjikana mosalongosoka, ziwalo zomwe zimayenera kutererana zimamatana. Ululu wanu wa kuchimbudzi ukuchokera pamenepo, thumbo likamakankha limakoka pomwe lamatirira. Ambiri amamvanso kupweteka mkati pokhala malo amodzi ndi abambo, simunatchule koma ngati zilipo musachite manyazi kumuuza dokotala, ndi chizindikiro chofunika. Chubu nachonso chikakokedwa ndi zipsera kapena kupindika chimavutika kutola dzira, ndipo madzi a mmimbamo akakhala odzaza michere yotupitsa dzira ndi umuna siziyenda bwino. Mwa amayi omwe ali ndi matendawa, pakati pa 30 ndi 50 pa 100 alionse amavutika kutenga mimba, kutanthauza kuti theka kapena kuposa amabereka.

Tsopano doxycycline. Zomwe mwawerengazo si bodza, mankhwalawa amafooketsadi ma MMP, ndipo madokotala a mano mmaiko ena amawagwiritsa ntchito pa mlingo wochepa pa matenda a nkhama pachifukwa chomwecho. Koma si mankhwala ovomerezeka a endometriosis, zomwe zaoneka pa maselo mu labu sizofanana ndi kuchiza munthu. Taganizani, amayi angati kuno kwathu amene amwa doxycycline ndi metronidazole kanayi kasanu chifukwa chinena chikamapweteka choyamba kuganiziridwa ndi matenda opatsirana, nkubwerabe mwezi wotsatira ali chiweramire? Inenso ndinalemberapo amayi otere mankhwala amenewa ndisanaphunzire kufunsa funso losavuta loti kodi ululuwu umayendera limodzi ndi msambo, ndipo zimandiwawa ndikakumbukira. Kwa inu palinso chifukwa china chachikulu, mukufuna mwana, ndipo doxycycline sitimufuna mwa mayi woyembekezera, mukhoza kumamwa muli ndi mimba ya masabata atatu osadziwa. Kuonjezera apo kumwa ma antibayotiki miyezimiyezi kumaphunzitsa tizilombo kupirira, tsiku lomwe mudzawafunedi osagwira.

Maganizo ongotseka ma MMP onse anayesedwapo kale pa khansa mzaka za mma 1990, ndi mankhwala monga marimastat. Sanathandize monga ankayembekezera, ndipo odwala ambiri anayamba kumva kupweteka ndi kuuma kwa mfundo ndi minofu, chifukwa aganyu omwewo akufunika mthupi monse. Ndiye inu amene mukufuna dzira lituluke, mimba ikhazikike, kutseka onse ndi kudzitsekera nokha khomo. Za zinc musadandaule, kusiya nyemba, nsinjiro kapena usipa sikungachepetse ma MMP, mungodzionda. Ndipo palibe kuyeza magazi kwa MMP komwe kungatsimikize matendawa, wina akakuuzani kuti mulipire ayeze zimenezo sungani ndalama zanu.

Chomwe chimagwira ntchito ndi kubwezera mphamvu kwa bwana uja. Mankhwala ambiri a endometriosis ndi achibale a progesterone, ndipo ambiri mwa iwo mumawadziwa kale ku sikelo ya kulera: jakisoni wa Depo, Implanon kapena Jadelle wapamkono, lupu ya mahomoni, mapilitsi olera omwa mosadukiza kuti msambo uzibwera patalipatali, komanso piritsi lina la dienogest komwe likupezeka. Akamaperekedwa tsiku ndi tsiku osatsika, aganyu sapeza mpata wodzuka, estrogen amachepa mphamvu, tizidutswa timafota ndipo magazi obwerera mmbuyo amachepa kapena kusiyiratu. Sachotsa zipsera zomwe zilipo kale koma ululu umatsika kwa ambiri. Pa ululu weniweniwo ibuprofen, uja timati bulufeni, amaposa panado chifukwa amatseka kupangidwa kwa prostaglandin, chinsinsi chake nkuyamba kumwa tsiku loti mawa musamba kapena mukangoona kadontho koyamba, 400 mg katatu patsiku mutadya, osadikira kuti mufike pokwawa. Ngati muli ndi zilonda zammimba, vuto la impso kapena mukukaikira kuti muli ndi mimba, ameneyu ayi.

Apa pali mfundo yovuta yomwe sindingakubisireni. Mankhwala a mahomoni onsewa amaletsa mimba pa nthawi yomwe mukuwagwiritsa ntchito, ndipo kumwa kwa miyezi ingapo nkusiya sikuonjezera mwayi wobereka. Depo makamaka amachedwetsa kubwerera kwa mphamvu yobereka, nthawi zina mpaka chaka. Ndiye inu ndi amuna anu muyenera kusankha chomwe chili patsogolo panopa, kupumula ku ululu kapena mwana. Zaka 28 mpata ulipo, koma zaka zitatu zodikira zakwana, ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi kufufuza za mwana. Pitani ku chipatala cha boma ku Kasungu ndi pepala la sikani lija mukapemphe kalata yokaonana ndi dokotala wa amayi ku Kamuzu Central. Abambo apite nawo akayezetse umuna, nkuyeza kosavuta ndipo kumapulumutsa mayi ku milandu yomwe si yake. Inu akuoneni ngati machubu ali otseguka. Za opaleshoni yochotsa chotupacho mukambirane bwinobwino, imathandiza ululu ndipo kwa ena imatsegula njira ya mimba, koma mpeni ukadutsa pa thumba la mazira mazira ena amapita nawo, ndiye mufunse kukula kwa chotupa mu masentimita, ngati chili mbali imodzi kapena zonse, ndi chifukwa chomwe akufunira kuchotsa kapena kusiya. Zoti mukabereka zidzatha, mimba imapumitsadi matendawa chifukwa miyezi isanu ndi inayi yonse progesterone amakhala pamwamba, koma kwa ambiri msambo ukabwerera ululu umabwereranso, ndiye mukadzabereka mudzakambirane za kulera kwa mahomoni msanga.

Musanapite, tengani kope la ana asukulu mulembe miyezi iwiri kapena itatu yapitayi mmene mukukumbukira ndi yomwe ikubwerayi: tsiku loyamba kusamba, masiku omwe ululu unakulepheretsani ntchito, ngati kuchimbudzi kapena pokodza kunapweteka kapena kunaoneka magazi, mankhwala omwe munamwa ndi ngati anathandiza. Pamzere wa anthu ambiri dokotala amakhala ndi mphindi zochepa, kope lotere limalankhula mwachangu kuposa pakamwa. Mankhwala oika kumaliseche, kaya a zitsamba kaya ogula pamsika, asiyeni, safika komwe kuli vuto ndipo amatha kuyambitsa zilonda. Ululu ukadzabwera mwadzidzidzi mbali imodzi, woposa wamasiku onse, ndi kusanza, chizungulire kapena kutentha thupi, makamaka msambo utadumpha, musadikire kuti kuche, chotupa chimatha kuphulika kapena kupotokoka, komanso mimba imatha kukhala mchubu. Ndipo ngati muli ndi mng'ono wanu kapena mwana wa achemwali anu amene amajomba kusukulu mwezi uliwonse chifukwa cha cham'mimba, mutengeni mupite naye limodzi tsiku lomwelo.